MPHEPO YA KUMBUYO IMANYENGA WOPHUNZIRA KUPALASA BWATO

Kwa Mfumu Malama, m'boma la Mambwe, mnyamata amene wayamba kumene kupalasa bwato pa mtsinje wa Luangwa amakondwa koposa tsiku limene mphepo iomba kumbuyo kwace. Amaimirira, nkhafi ili m'manja, ndipo bwato umathamanga wokha osamtayitsa thukuta. Ngozi imayambira pomwepo.

Munthu woimirira m'bwato ali ngati thanga. Mphepo imamkankha pamsana, madzi nawo amamkokera kunsi, kotero kuti pa kanthawi kocepa amapezeka ali kutali ndi dooko limene anacokera. Pobwerera ayenera kulimbana ndi zonse ziwiri, pamene mikono yalema kale ndipo dzuwa lapendeka. Cifukwa cace wophunzira ayenera kuyamba ulendo molunjika kumene mphepo ndi madzi zicokera akali ndi mphamvu, kuti zidzamthandize pobwera. Ngati ulendo uli wotsika basi, adziwiretu dooko lokatulukira, auze a kunyumba, ndipo asapite yekha.

Kupalasa kofulumira sikufikitsa munthu msanga. Wozolowera amaviika nkhafi mofatsa, maondo atawapinda pang'ono, maso ali patsogolo. Mphepo ikakula mwadzidzidzi, monga icitira m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, amagwada kapena kukhala pansi m'bwato. Anyamata ambiri amaona ngati kugwada ndi mantha, koma bwato wosema uli wopapatiza, sucedwa kupidiguka.

Ku zisumbu za Hawaii kupalasa coimirira motsata mphepo kunasanduka masewero. Kumeneko amaima pa thabwa loyandama napikisana kucokera ku Molokai kufika ku Oahu, mtunda wa mamailo 32. Amadzimangirira ku thabwalo ndi cingwe, kotero kuti wakugwa m'nyanja amangokweranso. Pa Luangwa kugwa m'madzi ndi nkhani ina, pakuti muli ng'ona, ndipo mtsinjewu uli pakati pa mitsinje ya mvuu zocuruka koposa mu Afirika.

Mvuu ndizo zifuna cenjezo lalikuru. M'cilimwe madzi akaphwera zimaunjikana m'maiwe akuya, ndipo ikadzidzimuka imathawira kumadzi akuya komweko. Bwato wodutsa pakati pa mvuu ndi dziwe lace uli pa njira yace. Wopalasa azigogoda m'mbali mwa bwato kuti zimumve akali patali, zionetse mitu, iye nazilambalala cakumadzi osaya. Wothamanga ndi mphepo sapeza mpata wocita zimenezi, amangozindikira ali pakati pa gulu.

M'dzinja, kuyambira Januwale kufika Malici, mtsinje umadzala nutenga mitengo yathunthu. Imeneyi si nyengo ya wophunzira. Ndiponso kutsidya kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene boma linaikhazikitsa m'caka ca 1972. Amene mphepo yamkankhira kumeneko watsikira kumalo osaloledwa popanda cilolezo, pakati pa njobvu ndi njati, usiku uli pafupi.