Mapu Atsopano a Mabwinja Akale

Nkhani ino ikamba za nchito ya akatswiri amene amafukula pansi kuti adziwe mbiri ya anthu akale, ndi za makina amakono amene amawathandiza kulemba malo a mabwinja pa mapu. Ena adzaganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya ophunzira a ku yunivesite okha. Iai, ikhudza munthu ali yense wogwira khasu, piki kapena fosholo, makamaka wokhala m'mudzi umene ulikukula msanga monga Zengeza 4, ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe.

Chitungwiza ali kumwera kwa Harare, pakati pa mtsinje wa Manyame ndi wa Nyatsime. Tauniyi inakhazikitsidwa m'caka ca 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 370,000. Pakati pao pali ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene anadza kudzafuna nchito masiku akale. Koma ngakhale tauni iri yatsopano, nthaka yace si yatsopano. Dzina la Chitungwiza limakumbutsa Ashona za mzimu wa Chaminuka ndi za mlauli wace Pasipamire, amene anaphedwa ndi ankhondo a Lobengula m'caka ca 1883. Ndipo m'matanthwe ozungulira Harare, monga ku Domboshava ndi m'mbali mwa nyanja ya Chivero, muli zithunzi za nyama ndi za anthu zimene alenje anajambula zaka zikwi zapitazo.

Cifukwa cace malo ali ofunika

Munthu akapeza puloti amakumba maziko a nyumba, citsime ndi dzenje la cimbudzi. Ena amaswa miyala nagulitsa kwa omanga, ena amakumba mcenga m'mbali mwa mitsinje. Banja liri lonse lifuna pogona ndi cakudya, ndipo palibe angalitsutse pa cimeneco. Koma m'nchito zotere khasu limatukula mapale a miphika, mikanda, mphero, makala ndi dongo lopsa la ng'anjo zosungunulira citsulo, ndipo zonsezi zimatayidwa pamodzi ndi dothi.

Phale limodzi lotoledwa pa mulu wa dothi silinena zambiri. Cimene katswiri afuna kudziwa ndi pamene phalelo linagona, kuya kwace, ndi zinthu zimene linagona nazo. Nthaka imasanjikizana monga mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzace: ya pansi ndiyo yakale, ya pamwamba ndiyo yatsopano. Makala opezeka pamodzi ndi phale akhoza kupimidwa ndi kuonetsa zaka zace. Koma akasakanizika ndi dothi lina, umboni watha. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Ngakhale katswiri mwini, pofukula, amaononga malo amene alikufukulawo, pakuti dzenje silikumbidwa kawiri. Ndico cifukwa cace nchito yace yoyamba ndiyo kuyeza ndi kulemba mapu, kufukula kumadza pambuyo.

Kale mapuwo analembedwa ndi tepi, kampasi ndi pensulo. Mbiri ya malo opezeka m'Zimbabwe inalembedwa pa makadi ndi pa mapu a pepala, ndipo kaundula wace amasungidwa ku Zimbabwe Museum of Human Sciences, ku Harare, nyumba imene kale inachedwa Queen Victoria Museum. Makadiwo ndi cuma cacikuru, koma ali ndi bvuto lace. Khadi likanena kuti phanga liri pafupi ndi mtengo wakuti pa famu yakuti, munthu wa lero adzalipeza bwanji, mtengowo utadulidwa, famuyo itasanduka misewu ndi nyumba?

Zida zinai

Cida coyamba ndi GPS. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita 20,000, kuli masetilaiti amene amazungulira dziko natumiza mau a wailesi onena nthawi ndi malo ao. Makina a pansi akamva masetilaiti anai kapena oposa, amawerengera kutalika kwa iri yonse, napeza pamene munthu waima. Foni ya m'manja imalakwa ndi mamita ocepa. Makina a oyeza malo amalakwa ndi masentimita awiri kapena atatu cabe. Manambala amenewa sasintha ngakhale mtengo udulidwe kapena famu isinthe dzina.

Caciwiri ndi zithunzi zojambulidwa kucokera m'mwamba. Nzeru imeneyi si ya lero, pakuti m'caka ca 1929 Gertrude Caton-Thompson anakwera ndege kuti aone bwino mabwinja a Great Zimbabwe. Lero zithunzi zimacokera ku masetilaiti ndi ku tindege topanda munthu tochedwa madroni. Kucokera m'mwamba munthu amaona zimene woyenda pansi saona: mzere wa linga logwa, kapena udzu womera mosiyana ndi unzace pamene panali khola la ng'ombe. Ndiponso cithunzi cakale cikaikidwa pambali pa catsopano, cimaonetsa kumene nyumba zirikulowera ndi malo amene ali pangozi.

Cacitatu ndi makina ochedwa LiDAR. Ndege imauluka ndi kuwalitsa pansi kuwala kwa laser, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kuwalako kukagunda cinthu kumabwerera, ndipo makina amayeza nthawi imene kwatenga. Kwina kumagunda masamba, koma kwina kumapyola m'mipata kufikira pansi. Kompyuta imacotsa mitengo ndi chire pa cithunzi, nionetsa nthaka yokha ndi zitunda ndi maenje ace, monga mutu wometedwa umaonetsa zipsera.

Cacinai, cimene cimamanga zonse pamodzi, ndi mapu a pa kompyuta ochedwa GIS. Omvera aganizire za mapepala oonekera mkati osanjikizidwa pa tebulo. Pa loyamba pali mitsinje, pa laciwiri mitundu ya nthaka, pa lacitatu misewu ndi mapuloti, pa lacinai madontho osonyeza mabwinja. Woyang'ana amaona zonse nthawi imodzi, ndipo akhoza kufunsa kompyuta kuti: ndi mabwinja angati ali m'njira ya msewu watsopano? Yankho limene kale likadatenga masabata a kuwerenga makadi limadza m'kanthawi kocepa, msewu usanakumbidwe.

Zimene zinapezeka ku Great Zimbabwe

Phindu la zida zimenezi laoneka bwino ku Great Zimbabwe, mzinda wa malinga a miyala pafupi ndi Masvingo, umene unali pa ulemerero wace pakati pa zaka za 1200 ndi 1450. Malowa anaonongedwa kwambiri ndi ofuna golide, ndiponso ndi Richard Hall, amene pakati pa 1902 ndi 1904 anacotsa dothi lambiri m'malinga osalemba bwino zimene zinali m'menemo. Akatswiri odza pambuyo analemba mapu ambiri, koma oculuka anangosungidwa osasindikizidwa.

Shadreck Chirikure ndi anzace anasonkhanitsa mapu akalewo, nawaika pa GIS pamodzi ndi zithunzi za masetilaiti. M'caka ca 2017 anafalitsanso kuwerengera kwao kwa anthu a mumzindawo. Ena anali atanena kuti munali anthu 18,000 kapena oposa. Iwo, poyang'ana malo a nyumba, minda ndi msipu, ndi poona kuti zigawo zonse sizinakhalidwe nthawi imodzi, anapeza kuti anthuwo sanapitirire 10,000.

Nkhani ina ndi ya madzi. Pozungulira mzindawo pali maenje akuluakulu ochedwa dhaka, amene ambiri anaganiza kuti anangokumbidwa potapa dongo lomangira nyumba. Innocent Pikirayi wa ku University of Pretoria ndi anzace anayeza dera lonse ndi LiDAR, ndipo m'caka ca 2022 anaonetsa kuti maenjewo ali m'tsinde mwa mapiri ndi m'njira za madzi, moti anali kukolola madzi a mvula ndi a pansi. Onse pamodzi akadasunga malita oposa 18,000,000. Anthu a ku Zengeza, amene adziwa kudikira pa mzere wa pa mjigo m'cirimwe, adzamvetsa kuti imeneyi si nkhani yacabe. Makolo a dziko lomweli anadziwa kusungira mzinda wonse madzi, ndipo nzeru yaoyo inabisika m'chire kufikira makina anaiona.

Gulu la Zamani Project la ku University of Cape Town, lotsogozedwa ndi Heinz Rüther, linayeza malinga a Great Zimbabwe ndi laser, nilipanga cifanizo cao pa kompyuta. Malingawo anamangidwa opanda matope kapena simenti, ndipo ena amatupa nagwa. Cifanizo cotere cimathandiza okonza kudziwa m'mene linga linaliri lisanagwe. Kufunika kwa zithunzi zabwino kunaonekanso ku Domboshava m'caka ca 1998, pamene anthu ena anapaka penti pa zithunzi za m'phanga, ndipo akatswiri anabvutika kuicotsa. Lero pali pulogalamu ya kompyuta yochedwa DStretch, imene imakuza mitundu yozimiririka pa cithunzi ca thanthwe, kotero kuti nyama imene maso saionanso imaonekera.

Makadi a ku Harare aja sanaiwalidwe. M'caka ca 2020 University of Cambridge inayamba nchito yochedwa MAEASaM, yolemba pa mapu malo akale amene ali pangozi m'maiko 8 a mu Africa, ndipo Zimbabwe linali limodzi la maikowo. Mogwirizana ndi bungwe la Boma la National Museums and Monuments of Zimbabwe, zolembedwa zakale zinayamba kulowetsedwa m'kompyuta ndi kuyerekezedwa ndi zithunzi za masetilaiti, kuti adziwike malo amene alipobe, amene atha, ndi amene nyumba kapena migodi yawayandikira.

Pamene makina alephera

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mudzi ndiye adziwa njira za kumanda. Makina amaona maonekedwe, sadziwa tanthauzo. Citunda ca pa cithunzi cikhoza kukhala bwinja, cikhozanso kukhala culu, ndipo munthu ayenera kupita ndi miyendo kukaona. Kompyuta sidziwa dzina la phiri, kapena mfumu imene inagona pamenepo, kapena cifukwa cace anthu sadula mitengo pa malo akuti. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe, amene analowa m'kaundula wa UNESCO m'caka ca 2006. Zina mwa zithunzizo zikhudza nyau ndi cinamwali ca Acewa, ndipo tanthauzo lace liri ndi akuluakulu ndi anamkungwi. Mapu opanda mau ao ndi madontho cabe.

Mapu abwino ali ndi ngozi yacenso, pakuti amene asonyeza njira kwa woteteza asonyezanso kwa wakuba. Cotero osunga kaundula saulula manambala a malo ena kwa munthu ali yense, makamaka a manda ndi a malo opatulika.

Koma kulephera kwakukuru kwa makina kuli m'tauni. Pa Zengeza 4 setilaiti imaona madenga, misewu ndi mipanda. Zimene ziri pansi pa nthaka siiona. Woona yekha ndi uja wokumba maziko kapena ngalande ya mapaipi, ndipo amaona tsiku limodzi lokha, simenti isanathiridwe. Iye akakhala cete, pa mapu padzakhala poyera, ndipo odza m'tsogolo adzaganiza kuti pamenepo sipanakhale munthu ciyambire.

Zoyenera kucita

Munthu akapeza mapale ambiri pamodzi, mikanda, zitsulo zakale, linga la miyala kapena zithunzi pa thanthwe, aleke kukumba pamenepo, ndipo asacotse kanthu. Ajambule ndi foni atatsegula GPS, kuti cithunzi cisunge manambala a malowo, naike cinthu codziwika pambali, monga bokosi la macesi, kuti kukula kwace kudziwike. Zithunzi za pa thanthwe asazithire madzi kapena kuzikhudza ndi manja. Atatero auze a National Museums and Monuments of Zimbabwe, pakuti lamulo la dzikolo lifuna kuti wopeza cinthu cakale anene mosacedwa. Akapeza mafupa a munthu, ayambe wauza apolisi. Ku Malawi ndi ku Zambia kulinso maofesi a Boma osamala zinthu zakale, ndipo malangizo ndi omwewa.

Ambiri amaopa kuti akanena adzalandidwa puloti. Kawirikawiri akatswiri amayeza, amajambula, nacotsa zimene zapezeka, ndipo nchito yomanga imapitirira. Malo amene amaikidwa pambali ndi aja ofunika koposa. Kucedwa kwa masiku owerengeka kumapatsa dziko dontho limodzi latsopano pa mapu, ndipo madontho akaculuka amaonetsa kumene midzi inali, kumene anthu anatunga madzi, ndi njira zimene amalonda anayenda.

Aphunzitsi akhoza kuthandiza pa nkhaniyi. Ana a sukulu a ku Zengeza adziwa kale kugwiritsa nchito foni kuposa akulu ao. Aphunzitsi awaonetse kusiyana kwa phale lakale ndi cidutswa ca mphika wa lero, ndipo awatume kwa agogo ao kukafunsa maina a matanthwe ndi a madambo nyumba zisanamangidwe. Mainawo alembedwe m'buku pamodzi ndi manambala a malo ace, agogowo akali moyo.