Oyilo wa pikapu ya dizilo: werengani chigubu musanatulutse ndalama

Ikamakwana 4 koloko m'bandakucha, misika ya mu Lilongwe imakhala itadzuka kale. Pa Wakawaka ndi kumsika waukulu wa ku Old Town, mapikapu amakhala akutsitsa tomato, kachewere ndi kabichi zochokera ku Dedza, Lizulu ndi Jenda. Ena amakhala akulunjika ku Mitundu kapena ku Mchinji kukapikula mtedza ndi soya. Kwa mwini wake, pikapuyo ndiye mpamba wonse. Ikagona pagalaja sabata imodzi, makasitomala amapeza wina wowabweretsera katundu, pomwe lendi ndi ngongole ya kubanki mkhonde sizidikira.

Koma mukawafunsa ambiri mwa amalondawa kuti muinjini mwawo muli oyilo wanji, amangotchula dzina la kampani kapena mtundu wa chigubu. Zolembedwa pachigubupo amasiyira makaniko. Sabata ino tiyeni tiwerenge limodzi zolembazo, chifukwa ndalama zambiri zikuthera pamenepo.

Dziko lino lilibe fakitale yoyenga mafuta, choncho mtengo wa oyilo umatsata ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, kenaka ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, oyilo, mafyuluta ndi masipeya zidakwera limodzi. Zikatere munthu amayamba kuyang'ana chotchipa. Vuto ndi loti injini ya dizilo siikhululuka msanga.

Oyilo amagwira ntchito yanji?

Ambiri timadziwa zoti oyilo amateteza zitsulo kuti zisakhulane. Muinjini ya dizilo ntchito yake imaposa pamenepo. Dizilo akamayaka amasiya mwaye wambiri kuposa petulo, ndipo wina umalowa mu oyilo. Oyilo wabwino amaugwira mwayewo kuti usaundane n'kutseka tinjira todutsa oyilo. Amalimbananso ndi asidi amene amabwera kaamba ka salifa wa mu dizilo, komanso amachotsa kutentha pamapisitoni. Ngati pikapu yanu ili ndi turbo, dziwani kuti kachipangizo kameneko kamazungulira maulendo oposa 100 000 pamphindi imodzi, ndipo chimene chimakateteza ndi oyilo yemweyo.

N'chifukwa chake oyilo wa dizilo amada msanga, nthawi zina patangopita masiku ochepa mutamuthira. Kudako si chizindikiro choti mwagula wachinyengo. Kukusonyeza kuti akunyamula mwaye monga ayenera kuchitira.

Manambala aja: 15W-40, 5W-30, 20W-50

Manambalawa amafotokoza kukhuthala kwa oyilo, potsata muyeso wa bungwe la ku America la SAE. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imanena m'mene oyilo amayendera injini ikazizira. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti oyilo amafika msanga kumutu kwa injini mukangoliza m'mawa. Nambala yachiwiri imanena kukhuthala kwake injini ikatentha kufika madigiri 100.

Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe sikuvutitsa 15W-40, poti adapangidwa kuti injini izitha kulira naye ngakhale kumalo kumene madzi amaundana. Nakonso kutentha kwa mu Okutobala amakupirira bwino. N'chifukwa chake 15W-40 ndiye amapezeka kwambiri m'mashopu ndi m'malo omwetsera mafuta, ndipo amayenerana ndi injini zambiri zakale monga 3L ndi 5L za Toyota Hilux, TD27 ya Nissan Hardbody, 4D56 ya Mitsubishi ndi ma Isuzu KB akale.

Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja choti oyilo wokhuthala kwambiri ndiye wamphamvu. Zoona zake n'zoti 20W-50 kapena SAE 40 amatha kuchepetsa utsi ndi phokoso muinjini yotha, koma sakonza chatha. Amangobisa matenda. Muinjini yatsopano, yomwe tinjira take n'tating'ono, oyilo wotere amachedwa kufika ku turbo m'mawa, ndipo galimoto imamwa dizilo wochulukirapo.

Zilembo zofunika kuposa dzina

Tembenuzani chigubu muone kumbuyo. Mupeza mawu akuti API otsatana ndi zilembo ziwiri. Zoyamba ndi S, monga SL kapena SN, n'za injini za petulo. Zoyamba ndi C n'za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita patsogolo, muyesowo ndi watsopano: CF-4 idayamba mu 1990, CH-4 mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006 ndipo CK-4 mu 2016. Oyilo wina amalembedwa zonse ziwiri, monga CI-4/SL, kusonyeza kuti amakwanira mbali zonse. Chigubu cholembedwa S yokha chisiyeni, si cha pikapu yanu.

Pa pikapu yakale yonyamula katundu tsiku ndi tsiku, 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4 ndi wokwanira. Mayina monga Rubia, Rimula, Delo ndi Castrol onse ali ndi oyilo wa mulingo umenewu. Choncho m'malo mokangana za dzina, yerekezani zilembo ndi mtengo wa lita imodzi.

Zigubu zina zimalembedwanso ACEA, womwe ndi muyeso wa ku Ulaya, kapena JASO, wa ku Japan. Apa m'pamene eni mapikapu atsopano ayenera kutsegula maso.

Mwagula galimoto ya kubungwe kapena ya ku Japan?

Amalonda ambiri amene geni yawo yakula sakugulanso pikapu yakale ya ku Biwi kapena ku Mchesi. Akugula zomwe makampani ndi mabungwe a ku City Centre atulutsa, kapena za mabanja a ku Area 10, 12, 43 ndi 47 amene akusintha galimoto. Ena akuitanitsa ku Japan, ku South Africa kapena ku Ulaya. Galimoto zimenezi zimaoneka ngati pikapu wamba, koma injini zake n'zosiyana ndi zija tidazolowera.

Ford Ranger ya injini ya 2.2 kapena 3.2, mwachitsanzo, imafuna 5W-30 wa muyeso wa Ford wolembedwa WSS-M2C913-D. Amakaniko oidziwa bwino sachedwanso kuthira oyilo watsopano akakhetsa wakale, chifukwa ikakhala yopanda oyilo kupitirira mphindi 10 pampu yake imatha kulephera kukokanso. Makaniko wozolowera kusiya oyilo akukha iye n'kupita kukadya nsima angakuphereni injini yabwinobwino.

Chinanso ndi DPF, fyuluta ya mupaipi ya utsi imene imagwira mwaye. Imapezeka m'galimoto zambiri za dizilo zochokera ku Japan ndi ku Ulaya, komanso m'ma Hilux ena a injini ya 2.4 ndi 2.8 amene adayamba kutuluka mu 2015. Galimoto yokhala ndi DPF imafuna oyilo wosiya phulusa lochepa akapsa, wolembedwa ACEA C2, C3 kapena JASO DL-1, malinga ndi buku lake. Mukamathira 15W-40 wamba, phulusa limatseka fyulutayo pang'onopang'ono, mphamvu zimachepa, nyale zimayaka padashibodi, ndipo mtengo wa DPF yatsopano ungamalize phindu la miyezi ingapo.

Choncho musanagule oyilo, tsegulani buku la galimoto. Ngati lidasowa kapena lili m'Chijapani, lembani nambala ya chasisi ndi dzina la injini, mukafunse kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo kapena mufufuze pa intaneti. Nthawi zina nambala ya oyilo imalembedwa pachitsekerero chothirira kapena pakapepala ka mkati mwa boneti.

Makilomita angati?

Mabuku ambiri amapereka mitunda iwiri: wa galimoto yoyenda mwamtendere, ndi wa yogwira ntchito yakalavulagaga, womwe kawirikawiri umakhala theka la woyambawo. Yakalavulagaga ndi monga kuyenda m'fumbi, kunyamula katundu wolemera, kukhala nthawi yaitali injini ikulira galimoto itaima, komanso maulendo afupiafupi.

Pikapu ya wamalonda wa kuno imagwa m'gulu lachiwirili. Msewu wa kumudzi m'chilimwe ndi fumbi lokhalokha. Nyengo ya fodya mumaima pamzere ku Kanengo. Madzulo mumakwawa pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe polowa ku Old Town. Pa injini zakale, kusintha oyilo pamakilomita 5 000 aliwonse ndiko kotetezeka, ndipo fyuluta ya oyilo izisinthidwa nthawi yomweyo. Kuthira oyilo watsopano pafyuluta yakale kuli ngati kusamba n'kuvalanso zovala zathukuta. Musaiwale fyuluta ya mpweya: ikabooka, fumbi limalowa n'kusandutsa oyilo wodula uja kukhala mchenga wopala zitsulo.

Nayo galimoto yongoyenda mtaunimu, kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre ndi kubwerera, siili pabwino monga ambiri amaganizira. Injini siitentha mokwanira kuti chinyezi ndi dizilo wolowa mu oyilo ziuluke. Ngati mukugula yotere, musakopeke ndi makilomita ochepa. Funsani kabuku ka sevisi. Oyilo amafunika kusinthidwa ngakhale mtunda usanakwane, pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, malinga ndi buku.

Dizilo wa m'zigubu, yemwe amachuluka mafuta akasowa, nayenso amafupikitsa moyo wa oyilo, makamaka akasakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Ngati mudakakamizika kumwetsa wotere kangapo, fulumizani sevisi.

Chenjerani ndi oyilo wachinyengo

Chigubu chikhoza kukhala chenicheni koma zamkati zili zina. Anthu ena osaona mtima amatolera zigubu zakale, n'kuthiramo oyilo wogwira kale ntchito amene amusefa, kapena wotchipa wosadziwika kochokera. Nazi zoyenera kuona:

• Chitsekerero chikhale chomata, chosathyoka, chopanda zizindikiro za guluu.
• Pachigubu pakhale nambala ya gulu limene adapangira ndi tsiku, zosafufutika ndi chala.
• Oyilo watsopano amakhala woyera ngati uchi, sanunkha chopsa, ndipo mukamutikita pakati pa zala samveka timchenga.
• Mtengo ukatsika kwambiri kuyerekeza ndi wa pamalo omwetsera mafuta odziwika, dzifunseni chifukwa chake.
• Oyilo wopungulidwa m'mabotolo a zakumwa mulibe njira yomudziwira. Msiyeni.
• Tengani lisiti. Popanda lisiti n'kovuta kukadandaula ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission.

Gulani nokha oyilo, mupite naye kugalaja, ndipo muimirire pomwepo akamathira. Makaniko wachilungamo sakwiya nazo. Chigubu chikatha chibooleni, kuti chisakapusitse mnzanu mawa.

Tiwerengere limodzi

Hilux ya D-4D imamwa malita pafupifupi 7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Chigubu cha malita 5 sichikwana, ndiye konzekerani kugula ziwiri, kapena chimodzi ndi mabotolo awiri a lita imodzi.

Tingoyerekeza kuti oyilo wodalirika mwamupeza pa K15 000 lita, ndipo wokayikitsa pa K10 000. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo mitengo imene mwapeza lero. Kusiyana kwake pamalita 7 ndi K35 000. Mukagawa ndi makilomita 5 000, ndi K7 pakilomita. Ulendo wa ku Dedza ndi kubwerera, womwe ndi makilomita pafupifupi 170, ndiye kuti mwapulumutsa K1 190 yokha. Ikani ndalama imeneyo pambali pa mtengo wa turbo, mapisitoni, mabeyaring'i ndi masabata amene galimoto ingagone pagalaja, muone nokha kumene sikelo ikulemera.

Masamu omwewa akuthandizeni kusunga. Pamtengo wachitsanzo uja, oyilo yekha akudya K21 pakilomita, kapena K3 570 paulendo wa ku Dedza. Muzipatula ndalama yotere ulendo uliwonse, pamodzi ndi ya mafyuluta ndi ya makaniko, ndipo muziiwerengera pamtengo wa katundu wanu. Tsiku la sevisi likafika simudzagwira mpamba.

Njira ina ndi kugula ndowa ya malita 20, yomwe kawirikawiri imatsika mtengo pa lita. Eni mapikapu awiri kapena atatu a injini zofuna oyilo wofanana akhoza kusonkherana. Ndowayo isungidwe yotseka bwino, pamthunzi, posafika madzi ndi fumbi.

Mphindi ziwiri za m'mawa

Musanalize injini, galimoto ili pamalo osapendekeka, solani kachitsulo koyezera oyilo, mukapukute, mukabwezere ndi kukasololanso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Akachepa, onjezerani wa mtundu womwewo, koma osapitiriza chizindikiro chapamwamba. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa muinjini. Akamachuluka yekha n'kumanunkha dizilo, mafuta akutsikira mu oyilo. Zonse ziwirizi n'zofunika makaniko tsiku lomwelo.

Nyale yofiira ya oyilo ikayaka muli paulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale tomato akudikiridwa kumsika. Ndipo mukafika kuchokera ulendo wautali mutasenza katundu, isiyeni injini ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Oyilo wakale musamutaye m'ngalande, poti mvula ikagwa amathera mu Lingadzi ndi mu Lilongwe. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndi zakudya zimene mumagulitsa.

Pomaliza, gulani kabuku ka sukulu muike m'galimoto. Muzilembamo tsiku, makilomita, dzina la oyilo, manambala ake ndi ndalama zimene mwalipira. Kabukuko kadzakukumbutsani sevisi yotsatira, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugulitsa pikapuyo, kadzakuthandizani kunenerera mtengo.