Liu la Cingerezi Lakuti "Bright"

Lero tiphunzira liu limodzi lokha la Cingerezi, liu lakuti "bright". Aphunzitsi, lilembeni pabolodi ndi malembo akuluakulu kuti ndi okhala kumbuyo omwe alione.

Tanthauzo lake loyamba mulidziwa kale. Pamene makolo athu anali kumenyera ufulu wa dziko lino, wotsogolera msonkhano anali kupfuula kuti "Kwaca!" ndipo khamu lonse linali kuyankha kuti "Ngwee!" Kumeneko kunali kunena kuti mdima watha, kunja kwayera. M'caka ca 1968, pamene Zambia inasiya mapaundi ndi masheleni, mau awiriwa anasanduka maina a ndalama zathu, kwacha ndi ngwee. Tsono kuwala kumene ife timati ngwee, kuwala kodzaza maso, ndiko kumene Mngerezi amati "bright". Dzuwa likafika pamutu iye amati: "The sun is bright."

Ana ambiri amasokoneza liuli ndi lina lakuti "light". Taganizani za koloboi. Koloboi amapatsa "light", pakuti amacotsa mdima m'nyumba, koma mukafuna kuwerenga buku muyenera kuliyandikiza kufikira utsi ukulowani m'mphuno. Kuwala kwace nkofooka, ndipo m'Cingerezi timati ndi "dim". Nyale ya magetsi ndiyo "bright". Motero "light" ndi kuwala kwenikweniko, pamene "bright" lifotokoza kuti kuwalako nkwamphamvu.

Poyerekeza zinthu tiwonjezera timalembo kumapeto. Mwezi ndi "brighter" kuposa nyenyezi, ndipo dzuwa ndilo "brightest" pa zonse za kumwamba. Pakati pa nyenyezi za usiku, yowala koposa ndi Sirius. Wina adzati, nanga Nthanda ija imene imatuluka m'bandakuca? Zoona, Nthanda imawala kuposa Sirius, koma si nyenyezi yeniyeni. Ndi dziko lozungulira dzuwa monga lathuli, dzina lace Venus, ndipo kuwala kwace imabwereka kudzuwa monga ucitira mwezi.

Tikafuna dzina la kuwalako timati "brightness", monga "dark" lisanduka "darkness". Cenjerani pano. Musalembe kuti "The sun is brightness." Nenani kuti: "The brightness of the sun hurts my eyes." Ndipo popeza tanena za maso, musayese kuyang'ana dzuwa mwacindunji kuti mutsimikize ciganizoci, cifukwa limaononga maso ndithu.

Tsopano tafika pamene ambiri amapunthwa. Liuli silikhala pa dzuwa ndi nyale pokha. Amai akagula citenje catsopano ca maluwa ofiira ndi acikasu, coonekera patali, cimeneco cili ndi "bright colours". Sikuti citenjeco cimayaka ai, ndiponso sikuti ncoyera ngati ufa. Cikacapidwa kawirikawiri nicisuluka, timati mitundu yace yakhala "dull".

Nanga mphunzitsi akalemba pa lipoti kuti "She is a bright girl", atanthauzanji? Mwana wina akhoza kumasulira kuti mtsikanayo ngwoyera khungu. Iai. Za khungu mulibemo m'ciganizoci. Pamenepo Mngerezi akadati "light" kapena "fair". Mtsikana wa "bright" ndi wanzeru, wogwira msanga zimene aphunzitsidwa. Cimodzimodzi "a bright face" ndi nkhope yacimwemwe, ndipo "a bright future" ndi tsogolo lopatsa ciyembekezo. Mwina m'kalasi mwanu muli mnyamata dzina lace Bright. Makolo ace anaganiza za matanthauzo otere pomupatsa dzinalo. Cinyanja cili ndi liu lacelace pa ciliconse ca izi: kuwala, nzeru, cimwemwe, ciyembekezo. Cingerezi cazimanga mtolo umodzi. Cifukwa cace, mukapeza "bright" m'buku kapena pamayeso, musathamangire kumasulira. Yambani mwaona liu limene layandikana nalo, kaya ndi nyale, kaya ndi nsalu, kaya ndi munthu.

Aphunzitsi, ndikupempheni kanthu kamodzi. M'Cingerezi liu lotsutsana ndi "bright pupil" ndi "dull pupil", ndipo ana ayenera kulidziwa kuti alizindikire powerenga. Koma musaloze mwana aliyense monga citsanzo cace. Anzace adzaseka, dzinalo lidzamumamatira kufikira kumudzi, ndipo mwana wonyozedwa cotero amaleka kukweza dzanja. Citenje cosuluka cikwanira kuphunzitsira liu limeneli.

Tatsala ndi kanenedwe. Mwaona kuti pabolodi pali malembo asanu ndi limodzi, koma "g" ndi "h" samveka. Kalekale Angerezi anali kuwamveketsa kukhosi, ndipo liuli linali kulembedwa "beorht". Pakupita kwa zaka phokoso lija linafa, malembo okha natsala. Ndico cace tili ndi "night", "right" ndi "sight", onse olira mofanana ndi "bright". Ife olankhula Cinyanja tizolowera kutsiriza liu lililonse ndi lembo la liu monga "a" kapena "i", motero lilime limafuna kunena kuti "bulaiti". Liletseni. Liuli ndi la mpweya umodzi, ndipo lithera pa "t".

Cobvuta koposa ndi "r". M'cinenero cathu "l" ndi "r" sasintha tanthauzo. Wonena "lelo" ndi wonena "lero" amamvana bwino lomwe. M'Cingerezi si tero. "Blight" ndi matenda opsereza masamba a matimati m'dimba, ndiwonso anaononga mbatata ku Ireland kuyambira m'caka ca 1845 nabweretsa njala yaikulu. Mwana wofuna kuyamikira mnzace, akaphonya lembo limodzi lokhali, wamuyesa matenda a m'dimba! Ponena "l" nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba. Ponena "r" ya Cingerezi lilime limapindikira kumbuyo pang'ono osagunda paliponse. Yesani tsopano, katatu: "right", "light", "bright", "blight".

Aphunzitsi, phunziroli likatha gawani ana awiriawiri. Mmodzi anene liu limodzi mwa anaiwa, mnzace aloze pabolodi limene wamva, kenaka asinthane. Madzulo ano mwana aliyense apeze zinthu zitatu kwao zimene angazinene kuti "bright", cimodzi cisakhale coyaka, ndipo mawa abwere ndi ziganizo zitatu zolembedwa m'buku lace.