Boma Likatula Nyumba Yakale, Nkhoswe Ndani?

Munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akayang'ana kumadzulo dzuŵa litapendeka, amaona mzere wa mapiri a Dzalanyama utandandalika ngati linga, ndipo kuseri kwake ndiko ku Mozambique. M'kati mwa nkhalango imeneyo, pakati pa mitengo ya mombo, misuku ndi muwanga, muli nyumba yogonamo alendo imene kale inkayendetsedwa ndi Dipatimenti ya Zankhalango. Boma lidaibwereketsa kwa kampani ya ku Lilongwe ya Land and Lake Safaris, ndipo omwe amapitako makamaka ndi alendo okonda kuyenda m'mapiri ndi kuona mbalame. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira sadaloŵemo, ena sadaionepo ndi komwe. Komabe nyumba imeneyi ikudzutsa funso limene aliyense wophunzira ayenera kuliganizira, pakuti ndi funso la chuma cha mtundu wonse: kodi boma likatula nyumba yakale m'manja mwa amalonda, chimene lapereka nchiyani, nanga chimene chatsala kwa anthu nchiyani?

Chiyambi cha nkhaniyi ndi chaka cha 1996, pamene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola kugulitsa makampani ndi katundu wa boma, ndipo padabadwa bungwe la Privatisation Commission. M'zaka zotsatira boma lidatula zinthu zambiri, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo pakati pa zazing'onozo padali nyumba zogonamo alendo za m'matauni ndi za m'nkhalango. Zina zidagulitsidwa, zina zidabwereketsedwa kwa zaka zoŵerengeka. Chifukwa chake sichidali chobisika. Nyumba yakale imadya ndalama chaka ndi chaka: denga lidontha, chiswe chiloŵa m'mitanda, zitseko zifufutidwa, pamene thumba lomwelo la boma likudikiridwa ndi zipatala ndi masukulu. Ndiponso pali matenda aja odziŵika a mawu akuti "nzaboma izi", amene amachititsa kuti chinthu cha anthu onse chioneke ngati chopanda mwini. Galasi likasweka palibe amene mtima umamupweteka.

Chitsanzo chachikulu cha nyumba yotere chili ku Zomba, m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Kumeneko kuli nyumba yosanja imene John Buchanan adamanga mu 1886 kuti mukhale kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes. Buchanan adabwera m'dziko muno ndi Mishoni ya Blantyre ngati katswiri wa zaulimi, kenaka adayamba minda yakeyake ya khofi ku Zomba. Nyumba adamangayo ili ndi nsanja ziŵiri za madenga osongoka, ndipo anthu a kumeneko, poona nsongazo, adaitcha Masongola. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, adakhala m'nyumba yomweyo, ndipo Zomba idasanduka likulu la dziko mpaka 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe. Abwanamkubwa atasamukira m'nyumba ina yatsopano, Masongola idagwiritsidwa ntchito zina za boma, ndipo kwa zaka zambiri idadziŵika ndi dzina lakuti Government Hostel, kogona aphungu ndi ogwira ntchito za boma akabwera ku Zomba. Pambuyo pake idaperekedwa kwa amalonda nisanduka Hotel Masongola.

Tsono nyumba imeneyi si nyumba wamba pamaso pa malamulo. Ili m'kaundula wa zikumbutso za mtundu zotetezedwa. Lamulo loyamba la zikumbutso m'Malaŵi wodzilamulira lidali la 1965, ndipo mu 1990 lidaloŵedwa m'malo ndi lina lotchedwa Monuments and Relics Act. Mutu wa lamuloli ngwosavuta kumva. Nduna ikalengeza kuti nyumba, manda, phanga kapena malo akutiakuti ngotetezedwa, palibe munthu wololedwa kugwetsa, kukumba kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo cha Ndunayo. Chitetezocho chimamatirira pa nyumba, osati pa mwini wake. Mwini angasinthe kasanu, koma lamulo silichoka pakhomo. Umboni wake ndi nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes imene inkayendetsedwa ndi abale aŵiri, John ndi Frederick Moir. Nyumbayo idabadwa ili ya amalonda, komabe ndi chikumbutso chotetezedwa, ndipo m'chipinda chake cham'mwamba bungwe la Society of Malawi lidaikamo nyumba ya mabuku ndi zithunzi zakale.

Kwa Mcheŵa wa kuno kunsi kwa Dzalanyama, dongosolo limeneli si lachilendo konse, chifukwa likufanana ndi chikamwini. Mkamwini amakhala pamudzi, amalima munda, amafolera nyumba, amadya za thukuta lake, ndipo akakhala wakhama mudzi wonse umamutamanda. Koma sangagulitse munda wa mbumba, sangadule mitengo ya kumanda, ndipo akafuna kuchita chachikulu amayamba wapita kwa ankhoswe ndi kwa mwini mbumba. Wotenga nyumba yotetezedwa ali chimodzimodzi. Angathe kuikamo magetsi, mipope ndi mabedi, angathe kulipiritsa alendo ndi kupindula, koma nsonga ziŵiri za Masongola si zake kuti azigwetse chifukwa chofuna malo oimika magalimoto. Akuluakulu adanena kale kuti nyumba ya mwini saotchera mbeŵa.

Fanizoli likuonetsanso pamene pali chilema. Chikamwini chimayenda bwino chifukwa ankhoswe amakhala pafupi, amaona ndi maso, ndipo mawu awo ali ndi mphamvu. Nkhoswe ya nyumba zakale ndi dipatimenti ya boma yoona za zikumbutso ndi nyumba zosungiramo zakale, imene kale inkatchedwa Department of Antiquities. Ntchito yake njaikulu zedi: kuyambira ku mafupa a zilombo zamakedzana ku Karonga, zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zimene UNESCO idaziika m'kaundula wake mu 2006, mpaka ku kachisi wa Mbona ku Nsanje. Ogwira ntchito oŵerengeka sangakhale ponseponse. Ndipo nyumba yakale siifa kaŵirikaŵiri ndi nyundo ya munthu woipa mtima. Imafa pang'onopang'ono ndi zinthu zooneka ngati zabwino: mazenera a matabwa achotsedwa nkuikapo a chitsulo, khonde latsekedwa kuti pakhale chipinda china, njerwa zakale zamatidwa simenti yolimba imene imatsekera chinyezi m'kati mpaka khoma kuyamba kufumbutuka. Imafanso ndi kungoisiya. Lamulo likhoza kuletsa munthu kugwetsa nyumba, koma nkovuta kumukakamiza kuikonda. Wofuna malo osati nyumba amadziŵa kuti mvula ya zaka khumi idzamugwirira ntchito yogwetsayo popanda mlandu.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa kugulitsa ndi kubwereketsa, ndipo aphunzitsi angachite bwino kukufotokoza m'kalasi. Boma likagulitsa, limalandira ndalama kamodzi, nkutsala ndi ndodo imodzi yokha, ndiyo kukasuma kukhoti zinthu zitaonongeka kale. Likabwereketsa, nthaka ndi makoma zimakhalabe za mtundu. M'pangano mungalembedwe kuti denga likonzedwe pofika chaka chakuti, kuti ana a sukulu aziloledwa kudzaona, kuti oyendera azibwera nthaŵi ndi nthaŵi, ndipo wophwanya pangano angalandidwe. Nawonso amalonda ali ndi dandaulo lomveka: palibe amene angathire ndalama zambiri m'nyumba imene adzaichoke patapita zaka zisanu. Choncho pangano liyenera kukhala lalitali ndithu kuti munthu akolole chimene wafesa. Ngakhale maiko olemera amatsata njira yomweyi. Boma la Britain lidatula nyumba yake yotchuka ya Old War Office mu London, yomangidwa mu 1906, pa mtengo woposa mapaundi 350 miliyoni, koma lidatero mwa pangano la zaka 250, ndipo ogulawo adaikonza motsata malamulo a nyumba zotetezedwa kufikira idatsegulidwa ngati hotela mu 2023. Kuno kwathu, lamulo la 2011 lidasintha bungwe logulitsa katundu lija kukhala Public Private Partnership Commission, dzina losonyeza kuti maganizo adayamba kupendekera ku mgwirizano m'malo mongogulitsa.

Pali ena, makamaka achinyamata oŵerenga mbiri, amene amafunsa kuti: tisungirenji nyumba za atsamunda? Funsoli nlachilungamo, ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe. M'masiku a Johnston ndi m'mene udayambira msonkho wa nyumba umene udathamangitsa makolo kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo malamulo oterowo ankachokera ku Zomba komweko. Koma njerwa za Masongola adaumba ndani? Adasenza mitengo kuchokera kuphiri ndani? Maina a anthu amenewo sadalembedwe m'buku lililonse, ndipo chokhacho chotsala chochitira umboni luso ndi thukuta lawo ndi khomalo. Mwana wa Fomu 2 ataimirira pakhonde limenelo amamva mbiri ya 1891 mwa njira imene bolodi ndi choko sizingathe kumupatsa. Mbiri yoŵaŵa imafunikanso mboni.

Nyumba ya ku Dzalanyama ilibe nsanja, ndipo kutchuka kwake sikungafanane ndi kwa Masongola. Chitetezo chake chenicheni ndi nthaka imene yakhalapo, pakuti Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1922, ya mahekitala pafupifupi 99,000. Kwa Acheŵa malowa ngolemera kuposa nyumba iliyonse ya njerwa: m'mapiri amenewa ndi m'mene muli Kaphirintiwa, kumene mwambo umati anthu oyamba ndi nyama adatsika nasiya mapazi awo pathanthwe, ndipo kufupi ndi komweko kudali kachisi wa Msinja wa Makewana, kumene mtundu unkapempha mvula. Kwa anthu a mu mzinda, Dzalanyama ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde. Mlendo amene amalipira kuti agone m'nyumba ija salipirira makoma ayi. Amalipirira mthunzi, phokoso la madzi ndi kulira kwa mbalame m'bandakucha.

Koma mthunziwo ukutha. Aliyense amene adadzuka m'mamaŵa pa mseu wa ku Mitundu kapena wa ku Likuni adaziona njinga zosenza matumba a makala zikutsetsereka kuloŵera m'tauni, wokwera atakakamira pachiwongolero thukuta lili kamukamu. Anthu amenewa si zigaŵenga. Ambiri ndi makolo ofuna fizi ndi feteleza, ndipo ogula makalawo ndi omwewo amene amamwa madzi a ku Malingunde. Zinthu zidafika poipa mwakuti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Pangano la nyumba yogonamo alendo likhoza kulembedwa mwaluso, lendi nkumaperekedwa pa nthaŵi yake, denga nkukhala losadontha. Koma muwanga womaliza wa kuseri kwa nyumbayo ukadzaloŵa mu uvuni, wobwerekayo adzatseka zitseko, nadzabweza makiyi ku boma.