Makina Akamalankhula Zosamveka

Tangoganizani muli mu labotale, chipangizo chaima n'kulemba kuti "Malfunction 54". Mungatani?

Uthengawu unaonekadi mu 1986 ku Tyler, Texas, pa Therac-25, makina ochiza khansa ndi radiation. Sikirini imaonetsa ngati wodwala walandira yochepa, ndiye woyendetsa makinawo anadina batani lopitiriza. Kumeneko n'kuti wodwalayo atalandira kale yopitirira muyeso, ndipo pambuyo pake anamwalira. Pakati pa 1985 ndi 1987, ngozi zotere zinachitika maulendo 6.

Gwero lake linali pulogalamu ya kompyuta, koma uthenga wosamvekawo unabisa ngoziyo. Chipangizo chabwino chimanena vuto ndi chochita m'mawu omveka. Chimakutetezaninso mukaiwala: centrifuge yabwino sitseguka ikadazungulira.