Maulendo a sitima za alendo pa mtsinje wa Douro

Maulendo a sitima za alendo pa mtsinje wa Douro ndi maulendo okaona malo amene amayambira mumzinda wa Porto, kumpoto kwa dziko la Portugal, n'kukwera ndi mtsinjewo mtunda wa makilomita pafupifupi 210 mpaka kumalire a Portugal ndi Spain. Alendo amagona ndi kudyera m'sitima momwemo, ndipo masana amatsika kukaona minda ya mpesa, nyumba zosungiramo vinyo ndi mizinda yakale. Ulendo wotere nthawi zambiri umatenga sabata imodzi, kupita ndi kubwerera. Chigwa cha Douro ndi kwawo kwa vinyo wotsekemera wotchedwa Port, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linaika dera la minda ya mpesali pa mndandanda wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse.

Mtsinje ndi chigwa chake

Douro amayambira m'mapiri a Urbión, m'chigawo cha Soria ku Spain, komwe amamutchula kuti Duero. Amayenda makilomita pafupifupi 900 chakumadzulo n'kukathira m'nyanja ya Atlantic pa Porto. Pa mtunda wopitirira makilomita 100, mtsinjewu ndiwo malire a mayiko awiriwa.

Minda ya mpesa siili pafupi ndi nyanja ayi. Mapiri a Marão amatchinga mitambo yochokera ku Atlantic, choncho ku Porto kumagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 pachaka pamene ku Barca d'Alva, kufupi ndi malire, imagwa pafupifupi mamilimita 400 okha. M'chilimwe kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Nthaka yake ndi miyala yokhayokha, ya mtundu umene umang'ambika mapalemapale, ndipo mizu ya mpesa imalowa m'ming'alu yake kukafuna chinyontho pansi. Pofuna kulima pamatsitso oterewa, anthu anaswa miyalayo ndi manja, n'kumanga makoma ogwira dothi, mzere pamwamba pa mzere, mpaka phiri lonse likuoneka ngati makwerero. Deralo analigawa patatu: Baixo Corgo kumadzulo, Cima Corgo pakati, ndi Douro Superior kummawa komwe kuli kouma kwambiri.

Mmene vinyo anamangira njira ya pamadzi

Malonda a vinyo wa Douro anakula chifukwa cha England. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, nkhondo ndi mikangano ya malonda pakati pa England ndi France zinachititsa kuti amalonda achingerezi akafune vinyo kwina. Pangano la Methuen la mu 1703 linatsitsa msonkho wa vinyo wa ku Portugal polowa mu England, posinthana ndi mwayi woti nsalu zaubweya za ku England zizigulitsidwa ku Portugal. N'chifukwa chake mpaka lero mayina ambiri olembedwa pamadenga a nyumba za vinyo kumeneko ndi achingerezi, monga Taylor's, Graham's, Sandeman ndi Cockburn's.

Malonda atakoma, chinyengo chinalowa. Ena ankasakaniza vinyo wa kwina kapena kuthiramo madzi a zipatso zakuda kuti aoneke wamphamvu, mitengo n'kugwa. Mu 1756 nduna ya mfumu, Sebastião José de Carvalho e Melo, amene pambuyo pake anadziwika kuti Marquês de Pombal, anakhazikitsa kampani yoyang'anira vinyo wa Douro ndi kulamula kuti malire a dera lolimamo mpesa wa Port adziwike. Anazika miyala yosema m'malirewo, ndipo ina ikadalipo. Douro ndi limodzi mwa madera oyamba padziko lonse kudulidwa malire motere. Lamuloli silinabwere mwamtendere: mu 1757 anthu a ku Porto anachita zipolowe potsutsa mphamvu za kampaniyo, ndipo boma linanyonga ena mwa iwo.

Vinyo ankapangidwa kumtunda, koma ankakhwimira kumunsi, ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la Porto, komwe mphepo ya kunyanja ndi yozizira komanso yachinyontho. Migolo inkatsika ndi mtsinje pa mabwato amatabwa otchedwa rabelo, a pansi pafulati, okhala ndi thanga limodzi ndi chiwongolero chachitali kumbuyo. Mgolo umodzi, umene Apwitikizi amati pipa, umalowa malita pafupifupi 550. Kutsika kunali kofulumira koma koopsa. Kukwera kunali thukuta, chifukwa m'malo ambiri bwato linkakokedwa ndi zingwe, ng'ombe ndi anthu akuyenda m'mbali mwa madzi.

Malo oopsa kuposa onse anali Cachão da Valeira, pomwe mtsinje unkapanikizika pakati pa matanthwe. Anthu anaphwanya mwala umene unkatseka njira pamenepo kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, komabe mkokomo wa madzi unatsala. Mu 1861 Joseph James Forrester, wamalonda wachingerezi amene anajambula mapu otchuka a mtsinjewu, anamira pomwepo bwato lake litagubuduka, ndipo thupi lake silinapezeke. Mayi Antónia Adelaide Ferreira, mwini minda yambiri m'chigwamo, anali m'bwato lomwelo koma anapulumuka. Otsogolera alendo amakonda kusimba kuti Forrester anamira chifukwa cha lamba wodzaza ndalama zagolide, ndi kuti mayiyo anayandamitsidwa ndi siketi yake yotambalala. Imeneyo ndi nthano yokometsera ulendo.

Sitima yapamtunda ndiyo inayamba kulanda ntchito mabwatowa. Njanji inafika ku Peso da Régua mu 1879 ndi ku Barca d'Alva mu 1887. Kenako kunabwera malole, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1960 rabelo anasiya kunyamula vinyo. Amene amaoneka lero atakocheza ku Gaia ndi otsatsira malonda ndi ochitira mpikisano pa chikondwerero cha São João mu Juni.

Madamu asanu

Mlendo amene wakhala padenga la sitima n'kumayang'ana madzi abata sakuona mtsinje umene Forrester anauona. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Portugal inamanga madamu asanu opangira magetsi pa chigawo chake cha Douro. Kuchokera kumunsi, madamuwo ndi Crestuma-Lever, Carrapatelo, Régua, Valeira ndi Pocinho. Madzi anakwera, mathithi ndi matanthwe n'kumira, mtsinje n'kusanduka nyanja zisanu zazitali, ina pamwamba pa inzake. Popanda madamuwa, sitima zogonamo sizikanayenda kumeneko.

Pa damu lililonse pali chipinda chokwezera sitima, chimene Apwitikizi amati eclusa. Sitima imalowa m'chipindacho, chitseko cha kumbuyo chimatsekedwa, kenako amalowetsa madzi ochokera kumtunda. Madzi akamadzaza, sitima imakwera nawo mpaka ifanane ndi madzi a pamwamba pa damu, ndipo chitseko cha kutsogolo chimatseguka. Potsika amangotulutsa madziwo. Sipafunika makina onyamula sitima; madzi okha ndiwo amagwira ntchitoyo. Chipinda cha pa Carrapatelo chimakweza sitima mamita pafupifupi 35 nthawi imodzi, ndipo ndi chimodzi mwa zipinda zakuya kwambiri ku Ulaya. Ukakhala pansi pake, kumwamba kumaoneka ngati kachidutswa kakang'ono pakati pa makoma onyowa a simenti.

Zipindazi n'zimene zimalamula kukula kwa sitima. M'litali ndi mamita pafupifupi 85 ndipo m'lifupi ndi 12, choncho sitima za pa Douro zimakhala za mamita 80 kapena kucheperapo, pamene za pa Rhine ndi Danube zimafika mamita 135. Zambiri zimanyamula alendo a pakati pa 100 ndi 130. Malo ena milatho ndi yotsika kwambiri moti ogwira ntchito amagwetsa mithunzi ya padenga n'kuuza alendo kuti akhale pansi. Sitimazi zimayenda masana okha, usiku zimakocheza padoko.

Njira ya ulendo

Ulendo umayambira pa madoko a Porto kapena Vila Nova de Gaia, pafupi ndi mlatho wachitsulo wa Dom Luís I umene unatsegulidwa mu 1886. Chigawo chakale cha Porto chinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1996. Ku Gaia alendo amalowa m'nyumba zazitali zamdima momwe migolo yaikidwa m'mizere. Mpaka mu 1986, lamulo linkafuna kuti Port yense wopita kunja azichokera ku Gaia. Kuyambira chaka chimenecho eni minda akumtunda amaloledwa kutumiza okha.

Tsiku loyamba sitima imadutsa m'nkhalango za paini ndi bulugama, ndipo minda ya mpesa imayamba kuoneka bwino poyandikira Peso da Régua. Kuchokera pamenepo mabasi amatengera alendo ku Lamego, komwe tchalitchi cha Nossa Senhora dos Remédios chili pamwamba pa masitepe 686, kapena ku nyumba yachifumu ya Mateus, pafupi ndi Vila Real, imene chithunzi chake chimapezeka pa mabotolo a vinyo wa Mateus Rosé. Pinhão ndi katauni kakang'ono pakati penipeni pa minda yotchuka, ndipo siteshoni yake ya njanji ili ndi matailosi abuluu osonyeza ntchito yokolola mphesa.

Kupitirira Valeira, midzi imatalikirana, ndipo m'malo mwa mpesa wokhawokha mumayamba kuoneka mitengo ya maolivi ndi maalimondi. Pafupi ndi Pocinho pali chigwa cha mtsinje wa Côa, momwe muli zithunzi za akavalo, ng'ombe zam'tchire ndi mbuzi zam'phiri zimene anthu anagoba pamiyala zaka zoposa 20,000 zapitazo. Zithunzizi zikanamira. Damu linali litayamba kale kumangidwa pa Côa pamene nkhani yake inamveka, koma ana asukulu, akatswiri ndi anthu wamba anatsutsa, ndipo boma la António Guterres, limene linalowa mu 1995, linaimitsa ntchitoyo. UNESCO inalemba malowa mu 1998.

Sitima zimathera pa Barca d'Alva kapena pa Vega de Terrón, doko la mbali ya Spain. Kuchokera apo alendo amakwera basi maola ngati awiri kupita ku Salamanca, mzinda wa miyala yachikasu umene yunivesite yake inayamba mu 1218. Kunena zoona, mizinda yambiri imene makampani amatsatsa pa ulendowu siili m'mbali mwa mtsinje, ndipo mlendo amathera nthawi yochuluka ndithu m'basi. Makampani odziwika pa njirayi ndi monga Douro Azul ya ku Portugal komweko, CroisiEurope ya ku France, Viking, AmaWaterways ndi Uniworld.

Vinyo amene alendo amalawa

Port amasiyana ndi vinyo wamba pa chinthu chimodzi. Madzi a mphesa akawira masiku awiri kapena atatu, shuga asanathe, opanga amathiramo mowa wotcheza kuchokera ku mphesa, wamphamvu ya maperesenti 77. Mowawo umapha yisiti, kuwira kumaima, ndipo vinyo amatsala wotsekemera, ali ndi mphamvu ya maperesenti 19 mpaka 22. Popeza nthawi yowira ndi yochepa, mtundu ndi kukoma kwa makoko ziyenera kutuluka msanga. Ichi ndicho chifukwa chopondera mphesa ndi mapazi m'zoponderamo zamiyala zotchedwa lagar: phazi limaphwanya khoko koma silitswanya nthanga zimene zimawawitsa vinyo. Lero mafamu ambiri amagwiritsa ntchito makina otsanzira phazi, ndipo kuponda kwenikweni kwatsala m'mafamu ochepa, kwinanso ngati chionetsero cha alendo.

Mitundu ya mphesa yodziwika ndi Touriga Nacional, Touriga Franca, Tinta Roriz, Tinta Barroca ndi Tinto Cão. Port wotchedwa ruby amakhala wofiira ndipo amamveka zipatso. Tawny amakhala zaka zambiri m'migolo ing'onoing'ono mpaka atuwe. Vintage ndi wa chaka chimodzi chabwino ndipo amakhwimira m'botolo. Vinyo wamba wa Douro, wosathira mowa wotcheza, anayamba kutchuka ndi Barca Velha wa mu 1952.

M'matsitso ena mumaoneka makoma akale opanda mpesa, atamera tchire kapena maolivi. Amatchedwa mortórios. Ndi minda imene inasiyidwa kachilombo ka phylloxera, kodya mizu, katafika m'zaka za m'ma 1860. Alimi amene anapirira anapulumutsa minda yawo pomezanitsa mpesa wawo pa zitsa za mpesa wa ku America zimene kachilomboko sikazipha.

Alimi ndi phindu la maulendowa

Minda ya mpesa ya Douro ndi yoposa mahekitala 40,000, ndipo alimi alipo pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo a minda yaing'ono kwambiri. Pamatsitso ambiri thirakitala siyenda, kotero kudulira ndi kukolola zimachitika ndi manja, ndipo mtengo wolimira ndi wokwera kuposa m'madera a chidikha. Achinyamata akhala akuchoka m'midzi kupita ku Porto, Lisbon, France ndi Switzerland, moti pa nthawi yokolola mafamu amadalira antchito ochokera kwina.

Ndalama za mlimi wamng'ono zimadalira dongosolo lotchedwa benefício. Chaka chilichonse, bungwe la Instituto dos Vinhos do Douro e do Porto limalengeza kuchuluka kwa madzi a mphesa amene aloledwe kusandutsidwa Port, ndipo munda uliwonse umapatsidwa gawo malinga ndi nthaka, kukwera kwa malo ndi mtundu wa mpesa. Mphesa za m'gawolo zimagulidwa pa mtengo wabwino. Zotsala zimagulidwa motsika, nthawi zina pansi pa ndalama zimene mlimi analowetsa. Popeza anthu akumwa Port wocheperapo kusiyana ndi kale, chiwerengerocho chinatsika kuchoka pa migolo 116,000 mu 2022 kufika pa 90,000 mu 2024, ndipo alimi achita zionetsero ku Peso da Régua podandaula kuti akusowa kogulitsa mphesa zawo.

Apa m'pamene pali mkangano wa maulendo a sitima. Chimene alendo amalipirira kudzaona ndi makoma ndi mizere ya mpesa imene alimi ang'onoang'onowa amasamalira, koma mlendo amagona, kudya ndi kumwa m'sitima, ndipo akatsika amapita ku mafamu akuluakulu ochepa amene anagwirizana ndi kampani. Eni masitolo ndi malo odyera m'matauni a m'mbali mwa mtsinje amadandaula kuti magulu a alendo amangodutsa. Kumbali ina, maulendowa apereka ntchito kwa oyendetsa sitima, ophika, madalaivala ndi otsogolera alendo, ndipo mafamu ena atsegula zipinda zogona ndi malo olawira vinyo chifukwa dzina la Douro lamveka kutali.

Nyengo ya maulendo

Sitima zimayenda kuyambira mu Marichi mpaka mu Novembala. M'miyezi yozizira mtsinje umatha kusefukira, ndipo ndi nthawi imene zipinda zokwezera sitima zimakonzedwa. Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi yotentha kwambiri kumtunda. Malo amadzaza msanga mu Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, pamene mphesa zikukololedwa.