Kusambira Chagada

Ife a ku Luchenza tinaphunzira kusambira mu mtsinje wa Thuchila ndi m'madamu a m'minda ya tiyi, ndipo ambiri timayesa kuti kusambira chagada ndiko kupumula chabe. Inenso ndinkatero, kufikira tsiku lina pamene ndinagunda mutu pamwala pochita makani ndi mnzanga. Pomwepo ndinazindikira vuto lake: wosambira chagada saona kumene alinkupita.

Nchifukwa chake pa mipikisano ya maiko amapachika timbendera pamwamba pa madzi, mamita 5 kuchokera kukhoma. Wosambira akationa, ayamba kuwerenga mapalasidwe a manja ake kuti adziwe potembenukira. Akaphonya kamodzi kokha, anzake amsiya m'mbuyo. Ndiponso poyamba salumpha ayi. Ayambira m'madzi momwemo, atagwira zitsulo, mapazi ali pakhoma.

Tsono imvani za David Berkoff, wophunzira wa pa Harvard ku America. Iyeyu anaona kuti pansi pa madzi munthu afulumira koposa pamwamba. Pa masewera a Olimpiki ku Seoul mu 1988 ankamira chagada, nakankha madzi ndi miyendo yonse iwiri pamodzi, mamita oposa 30 osapuma. Komabe Daichi Suzuki wa ku Japan, amene anachitanso zomwezo, anamposa pa mamita 100 natenga golide. Akuluakulu anaona kuti mpikisano ulinkusanduka wa kumira, kotero lamulo tsopano liti mutu utuluke pofika mamita 15.

Ine ndinayesa padamu patchuthi chapitachi. Ndinavuuka ndisanafike ndi pa mamita 6 pomwe, nditamwa madzi amatope.